Tuk-tuk ya usiku ku Bangkok: ndalama yake imawawa koma usiku woyamba kwerani basi

Anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp ngati ulendo wa usiku wa pa tuk-tuk, kagalimoto ka mawilo atatu konyamula anthu, umene tinakwera ndi anzanga ku Bangkok, likulu la Thailand, uli woyenera ndalama yake kapena ndi zongokolera alendo, ndiye ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Yankho langa ndi loti kwerani, koma kwerani usiku woyamba mukangofika osati pomwe mwatsala pang'ono kubwerera. Ndipo dziwani kuti chimene mukulipira si tuk-tuk ayi, tuk-tuk ili pa kona iliyonse mumzinda muja, mukulipira munthu wokuperekezani amene akutsegulireni mzindawo kuti mawa lake muziyenda nokha mtima uli m'malo.

Dzina la kampani sinditchula chifukwa ndili ndi madandaulo angapo, komanso makampani ochita zimenezi ndi ambiri ndipo pafupifupi onse amadutsa njira imodzimodzi, mukasaka pa intaneti muwapeza. Mtengo umazungulira cham'ma 2,000 mpaka 2,500 baht (ndalama ya ku Thailand) munthu mmodzi, mkati mwake muli tuk-tuk, gaidi, chakudya ndi madzi, maola anayi. Kwa ife amene dola timachita kuivutikira, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, imeneyi si ndalama yongotulutsa osaganiza. Mumzinda womwewo mbale ya chakudya cha mumsewu ndi 50 kapena 80 baht, mita ya takisi imayambira pa 35 baht, ndiye mukawerengetsa muona kuti ndalama ya usiku umodziwu mutha kudyera masiku angapo. Pagulu pathu tinakangana ndithu tisanabukitse, mmodzi ankati tingogula mowa tikakhale ku Khao San, kamsewu ka mabala kotchuka ndi alendo, basi.

Tinali anzathu a kusukulu, ena tinanyamuka ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, ena anabwera kuchokera ku Kuala Lumpur komwe akuphunzira, paja kuchokera kumeneko ndi maola awiri okha pa ndege. Malo okumana anali pa siteshoni ya sitima ya m'mwamba (BTS) ya Krung Thon Buri, kutsidya kwa mtsinje wa Chao Phraya. Tinafika msanga, ndipo 6 koloko itakwana nyimbo ya fuko inayamba kulira pa masipika a siteshoni, anthu onse amene amathamangira sitima anaima njii mpaka inatha. Amachita zimenezi 8 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, mukamva nanunso imani, sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

Gaidi wathu anali mtsikana wachi Thai, wamfupi, chizungu chake chomveka bwino, ali ndi khadi la laisensi pakhosi. Ku Thailand ntchito yoperekeza alendo lamulo linaisungira nzika zokha, ndiye mukaona wina wakunja akudzitcha gaidi muzikayika. Asanatikweze anatifunsa mmodzimmodzi zimene sitidya, ndipo mnzathu wa ku Mangochi amene ndi Msilamu atanena za nkhumba sanangogwedeza mutu, analemba pa foni nkuimbira malo amene timakadyera ife tikumva. Ndinayamba kumukhulupirira pamenepo.

Za tuk-tuk yeniyeniyo ndinene zoona. Ndi yosangalatsa kwambiri mphindi khumi zoyamba, magetsi abuluu ndi apinki mkati, injini ikulira ngati ikufuna kuphulika, dalaivala akulowa timipata pakati pa mabasi toti iwe ukuona kuti sitikwana koma iye akudutsa bwinobwino. Amayenda kumanzere ndiye maso sasokonezeka. Koma denga lake ndi lalifupi, ngati ndinu wamtali muona mawilo a magalimoto ndi miyendo ya anthu basi pokhapokha mutatsetsereka pampando nkupinda khosi. Mnzathu wamtali pagulu pathu anatsika khosi likuwawa. Anatiika atatu pa tuk-tuk imodzi, kwa anthu athupi ngati ena mwa ife atatu ndi ambiri, funsani pobukitsa ngati mungakhale awiri. Lamba palibe. Utsi wa mabasi umakulowa m'kamwa mukaima pa maroboti, ndipo gaidi anatichenjeza kuti foni ndi kachikwama tisamatulutsire kunja chifukwa a njinga zamoto amatha kutsomphola akudutsa. Aliyense ankafuna vidiyo ya pa TikTok ndiye chenjezo limeneli analibwereza kangapo.

Poyamba tinaima pa kachisi wa Wat Prayoon, amene ambiri obwera okha safikako. Kuli nsanja yoyera mbee yozungulira, usiku amaiwalitsa ndi magetsi, ndipo ntchito yoikonzanso inalandira mphotho ya UNESCO mu 2013. Munalibe anthu, amonke awiri okha akusesa ndi amphaka. Sitinakhalitse. Apa mpamene gaidi anatiphunzitsa zoti pa kachisi mapewa ndi mawondo zikhale zophimbidwa ngakhale usiku, nsapato zimavulidwa polowa mkati, mkazi sakhudza mmonke kapena kumupatsa chinthu m'manja mwachindunji, ndipo phazi sulozetsa kwa munthu kapena kwa chiboliboli cha Buddha. Atsikana athu anali atatchena za ku dansi, mwayi wake kampani inali ndi nsalu zobwereka m'tuk-tuk.

Kenako tinawoloka mlatho wa Memorial, wachitsulo wobiriwira uja anautsegula mu 1932, mphepo ya pamtsinje ikutiwomba, mabwato a chakudya chamadzulo akudutsa pansi ndi nyimbo zawo, ndipo titangotsika mlathowo tinalowa mu msika wa maluwa wa Pak Khlong Talat. Abale, ngati pali malo amene anandigwira mtima usiku wonsewo ndi amenewa, ndipo pa pulogalamu ndinkawaona ngati otaya nthawi chifukwa ine ndi maluwa sitidziwana kwenikweni. Msikawu sutseka, usana ndi usiku, ndipo umatentha kwambiri pakati pa usiku mpaka m'bandakucha pomwe malole amatsitsa katundu kuchokera kuminda. Ukalowa fungo limakumenya nthawi yomweyo, kafungo kozizira konunkhira kosakanikirana ndi madzi a pansi, milu ya maluwa achikasu yofika m'chiuno ili m'matumba apulasitiki, ma orchid omangidwa m'mitolo atakutidwa ndi nyuzipepala, anyamata akukankha ngolo zachitsulo akukuwa kuti tipatuke.

Gaidi anatikhazika pa benchi ya mayi wina wachikulire amene amapinda maluwa a lotus. Duwali limabwera lotseka, lobiriwira kunja, lolimba ngati chibakera. Mayiyo amagwira tsinde ndi dzanja lamanzere, chala chachikulu chakumanja chimakoka tsamba limodzi, kulipinda pakati, kulipindanso, nkulowetsa nsonga yake pansi, kenako kutembenuza duwa pang'ono nkutenga tsamba lotsatira, osayang'ana nkomwe, maso ali pa kawayilesi kakanema kakang'ono pamwamba pa furiji. Pasanathe mphindi duwa lija latseguka, mkati mwa pinki mukuoneka, waliponya mu ndowa watenga lina. Anatipatsa aliyense lake kuti tiyese, nkumatigwira zala kutikonza. Pambali pake mtsikana wamng'ono, mwina mdzukulu wake, amatunga timaluwa toyera ta jasmine pa singano yaitali kupanga nkhata zimene amazitcha phuang malai, zomwe madalaivala amapachika pa galasi la galimoto ndipo anthu amakapereka ku kachisi. Ndinagula imodzi pa 20 baht. Apa mpamene ndinamvetsa kuti mzinda wonsewu, ndi mabala ake ndi phokoso lake, m'mawa uliwonse umadzuka nkukapereka maluwa, ndipo pali anthu amene sagona kuti maluwawo apezeke. Patokha tikanangodutsa nkujambula, sitikanakhala pansi ndi mayi uja.

Dandaulo langa loyamba lalikulu lili pa Wat Pho. Pa tsamba la kampani anaika chithunzi cha chiboliboli chotchuka cha Buddha wogona chija, chagolide, chotalika mamita 46, ndiye tonse tinkadziwa kuti tikachiona. Tinafika nyumba yake atatseka kale. Usiku umangoyenda pabwalo pakati pa nsanja zokongoletsedwa ndi timatailosi, zomwe ndi zokongoladi ndipo kulibe chigulu cha masana chija komanso dzuwa silikukuwotcha, koma si zimene chithunzi chinalonjeza. Gaidi titamufunsa anayankha mosabisa kuti usiku sichioneka, tibwere masana, polowa ndi 300 baht. Iye sindikumuimba mlandu, olakwa ndi amene analemba tsamba lija. Anatiuzanso kuti pa kachisi yemweyu pali sukulu yotchuka ya masaji achi Thai, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2019, ndipo ena mwa ife tinabwereradi masana kukaona chiboliboli nkupangitsa masaji a mapazi.

Kuchoka apo anatidutsitsa m'kanjira kopapatiza konunkha nsomba zouma mpaka pa doko la Tha Tien, ndipo kutsidya kwa madzi nsanja ya kachisi wa Wat Arun ili poteropo itayaka yonse. Anatulutsa kobidi lakale la 10 baht nkutionetsa kuti nsanja yomweyo ndi imene ili kumbuyo kwake. Zithunzi zabwino zonse za ulendo wathu zinajambulidwa pamenepa, ndipo anajambula ndi iyeyo, amadziwa poima kuti nkhope za anthu akuda ngati ife zioneke bwino usiku osati kungotuluka mano ndi maso. Kanthu kakang'ono koma amene munajambulitsapo usiku kunja mukudziwa.

Grand Palace, nyumba yachifumu, tinangoidutsa kunja, makoma oyera ataliatali, inamangidwa kuyambira 1782 pomwe Bangkok inakhala likulu. Apa gaidi anatsitsa mawu nkutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, za banja lachifumu musaseke, musatsutse, musalembe pa Facebook, lamulo lake ndi la zaka 3 mpaka 15 kundende ndipo silisankha kuti ndiwe mlendo, ngakhale ndalama ikagwa osaiponda ndi phazi chifukwa pali nkhope ya mfumu. Chachiwiri, masana kuzungulira pamenepa pamakhala anthu ovala bwino amene amakuuza kuti lero nyumba yachifumu yatsekedwa, bwera ndikupezere tuk-tuk yotchipa ya 20 baht ikuonetse malo ena, mapeto ake umapezeka uli mu shopu ya miyala yamtengo wapatali kapena kwa telala wa masuti akukukakamiza kugula. Mawa lake lomwe bambo wina anatiyesadi ndi mawu omwewo, ife tinangoseka nkupitirira. Chenjezo limeneli lokha linabweza gawo la ndalama yathu.

Tinaimanso pang'ono pa Giant Swing, mizati iwiri yofiira yotalika kuposa mamita 21 kutsogolo kwa kachisi wa Wat Suthat. Kale anyamata ankakwera katungwe pamenepo kulimbirana thumba la ndalama lopachikidwa m'mwamba, mwambowo anauletsa mu 1935 anthu atafapo. Kujambula, kukwera, kupita.

Dandaulo lachiwiri ndi chakudya choyamba. Anatitengera pa kamalo kena kodyera pad thai, ma noodles okazinga achi Thai, matebulo atakonzedwa kale, magulu ena a alendo ali momwemo. Pad thai yake inali yozizira pang'ono, yotsekemera kwambiri, tsabola kulibiretu, zoonekeratu kuti anaphikira anthu oopa tsabola ndipo anaphika yambiri nthawi imodzi. Ife tinakulira kambuzi, ndiye tinapempha tsabola wouma uja amaika patebulo nkuthira mpaka inayamba kumveka. Sinali yoipa yoti nkuisiya koma mumzinda umene chakudya chili paliponse chonchija, kudyetsedwa chapakatikati pa mtengo umenewu zimapweteka. Panjira gaidi anatilozera malo a Jay Fai pa msewu wa Maha Chai, mayi wophika pa makala atavala magalasi akuluakulu oteteza maso amene analandira nyenyezi ya Michelin, ulemu wopatsidwa malo odyera apamwamba, kumapeto kwa 2017, koma mazira ake a nkhanu ndi oposa 1,000 baht mbale imodzi ndiye ife tinangoyang'ana.

Kenako Yaowarat. Aise. Tuk-tuk ikangokhota kulowa mumsewu umenewu umamva ngati wina wayatsa dzuwa lina, zikwangwani zofiira ndi zagolide za zilembo zachitchaina zitasanjikizana mpaka m'mwamba mbali zonse ziwiri, utsi wa makala, malawi akutuluka pansi pa mapoto, anthu atadzaza mpaka theka la msewu magalimoto akungokwawa. Iyi ndi Chinatown ya Bangkok, Matchaina anasamutsidwira dera limeneli mu 1782 kuti papezeke malo omanga nyumba yachifumu ija, ndipo msewuwo unalambulidwa m'zaka za m'ma 1890 nthawi ya mfumu Chulalongkorn. Masana ndi mashopu a golide, usiku ndi khitchini yotalika kilomita ndi theka.

Apa mpamene gaidi anaonetsa ntchito yake. Ife tikanaima pa mzere wautali kwambiri poganiza kuti ndiye kokoma, iye anatidutsitsa mizere ingapo nkutilowetsa m'kanjira ka m'mbali, pa ngolo ya bambo wina wophika kuay jab. Ndi supu ya ma noodles a mpunga odulidwa mabwalo amene akaphikidwa amadzipinda okha ngati timapaipi, msuzi wake woyera koma wodzaza pepa woyera woti ukangomwa kawiri mphuno zatseguka thukuta lili chuchuchu, pamwamba amaika kapado wokazinga wa khungu lokhukhuta. Bamboyo amadula nyamayo pa chitsa ndi chikwanje chachifupi, kha kha kha, kukokolola ndi mpeni womwewo kuponya m'mbale, mkazi wake kuthira msuzi, mwana kunyamula, palibe kuyankhulana. Tinakhala pa timipando tapulasitiki mawondo akugundana ndi a anthu osawadziwa. Chimenechi ndiye chakudya chimene ndinkayembekezera.

Mnzathu wa ku Mangochi sanaiwalidwe. Ku Yaowarat nkhumba ili paliponse, ngakhale m'zinthu zooneka ngati mulibe, gaidi anamuletsa mazira okazinga ndi nkhono za m'nyanja amene iye ankawasirira chifukwa ambiri amakazingira mafuta a nkhumba, chinthu chimene patokha sitikanadziwa. M'malo mwake anamupezera ma prawns owotcha pa makala, kenako anamutengera kwa mayi wina wovala hijabu wogulitsa roti ya nthochi yothira mkaka wotsekemera. Komabe ndinene kuti ngati mumasunga halaal mosamalitsa, ulendo umenewu mudya zochepa kuposa anzanu pa mtengo womwewo, lembani pobukitsa ndipo mufunsenso pokumana. Tonse tinamalizira mango ndi mpunga womata wothira mkaka wa kokonati, wamcherecherepo pang'ono, ndi madzi a makangaza ofinya pomwepo.

Dandaulo lachitatu ndi limene limandiwawa kwambiri. Ku Yaowarat anatipatsa nthawi yosakwana ola limodzi. Malo amene ndi mtima wa usiku wonse, mwangoyamba kuzolowera, maso akuona buledi wowotcha wothira kirimu uko, nsomba uko, ma chestnut akukazingidwa mu timiyala takuda uko, basi akuti tiyeni madalaivala akudikira. Nthawi imene tinataya pa pad thai ija ikanabwera kuno. Komanso musabukitse Lolemba, tsiku limenelo ogulitsa ambiri a m'mbali mwa msewu sabwera chifukwa ndi tsiku loyeretsa misewu, tsamba la kampani silinanene zimenezi, tinamva kwa gaidi.

Ulendo umathera pamenepo cham'ma 11, ndipo amakufunsa ngati akusiye pa siteshoni ya sitima ya pansi (MRT) kapena kwina kwapafupi. Ife tinati Khao San, paja mnzathu uja anali asanaiwale. Tisanatsike gaidi anatipatsa malangizo ngati mlongo wathu, osati zoloweza. Anati tindowa ta mowa timene aliyense amanyamula kumeneko, momwe amasakaniza mowa waukali wa SangSom, Coke ndi chakumwa chopatsa mphamvu cha Krating Daeng nkuikamo timapaipi tomwera, tizigula pomwe tikuona botolo likutsegulidwa pamaso pathu, ndipo anatikumbutsa za alendo 6 amene anamwalira ku Vang Vieng m'dziko la Laos mu Novembala 2024 atamwa mowa wokhala ndi methanol. Anati zibaluni za mpweya woseketsa tisakhudze. Vape ndi yoletsedwa ku Thailand ngakhale muone anthu akusuta, ukagwidwa nayo ndi faindi yowawa. Chamba anachimasula mu 2022 ndipo mashopu ake ali mbwee ndi zikwangwani zobiriwira, koma kuyambira pakati pa 2025 lamulo likufuna kalata ya dokotala, ndipo anzathu obwerera ku Malaysia anawauza mwamphamvu kuti asayerekeze kunyamula kalikonse chifukwa kumeneko ndi mlandu waukulu zedi. Mowa ndi wa azaka 20 kupita m'mwamba. Anatilembetsa nambala ya apolisi othandiza alendo, 1155, aliyense mu foni yake iye akuona.

Khao San payokha ndi kamsewu kakafupi, mamita 400 okha, koma phokoso lake ndi la mzinda wonse. Bala iliyonse yatulutsa masipika panja ikulimbana ndi ya kutsidya, pakati pamsewu anthu a mitundu yonse akuvina, ndipo chimene sitinayembekezere nkuti amapiano ndi afrobeats zimalira kumeneko, DJ wina atationa anasintha nyimbo nthawi yomweyo ndipo tinapezeka tazunguliridwa ndi Makoreya ndi azungu akufuna tiwaphunzitse masitepe. Tinavina mpaka malaya kunyowa. Anthu ena anapempha kujambulitsa nafe, mwaulemu, palibe amene anatichita chipongwe usiku umenewo. Mowa wa Chang kapena Leo amakupatsa ndi ayisi mu tambula, poyamba zimadabwitsa koma ndi kutentha kuja umavomereza.

Pali ngolo zogulitsa tizilombo tokazinga, zinkhanira zobayidwa pa kamtengo, ziwala, nkhululu, mphutsi za m'nsungwi, ndipo pali kachikwangwani koti kujambula kokha ndi 10 baht chifukwa alendo ambiri amangojambula akukuwa osagula. Ife a ngumbi ndi ziwala tinagula kathumba nkumadya tikuyenda, mayi wogulitsayo anaseka mpaka kutiwonjezera. Amathira sosi wa soya ndi pepa, zimakoma ndi mowa wozizira. Chinkhanira ndi chigoba chokhachokha, musataye ndalama.

Phokoso likakukwanani, kuseri kwake kuli Soi Rambuttri, kamsewu ka mitengo ndi timagetsi, magitala, mipando ya masaji a mapazi panja. Tinakhala kumeneko mpaka miyendo inabwerera, kenako tinalowa mu 7-Eleven kugula tositi ya tchizi imene amakuwotchera pa kauntala pomwepo, mashopu amenewa ku Thailand alipo oposa 14,000 ndiye simusowa. Dziwani kuti m'mashopu mowa sagulitsa ikadutsa 12 koloko usiku, furiji amaitseka.

Chifukwa chimene ndikunenera kuti mukwere usiku woyamba ndi zimene zinachitika usiku wotsatira. Tinabwerera ku Yaowarat tokha, pa sitima ya pansi ya MRT mpaka siteshoni ya Wat Mangkon imene anaitsegula mu 2019, ukangotuluka wayenda pang'ono wafika. Tinkadziwa kale poima, tinkadziwa kuloza ndi kufunsa mtengo tisanakhale, tinkadziwa kuti mzere wautali si umboni, tinamupezanso bambo wa kuay jab uja ndipo mkazi wake anatizindikira. Tinadya nyama ya nkhuku yowotcha ndi mpunga womata wa m'kathumba, woumba ndi zala, tinadya buledi uja tinamusiya dzulo lake, nsomba yowotcha mu mchere, zonse pamodzi aliyense sanapitirire 400 baht ndipo tinakhala maola atatu osathamangitsidwa ndi munthu. Usiku wachiwiriwu unali wokoma kuposa woyamba, koma sukanatheka popanda woyambawo. Anzathu ena amene tinakumana nawo ku hotela anakwera tuk-tuk yomweyi usiku wawo womaliza ndipo ankadandaula kuti malo onse anali atawaona kale ndipo malangizo anabwera mochedwa, mmodzi anali atagulitsidwa kale suti.

Amene mwayendapo kale ku Asia ndipo misika ya usiku simuiopa, ndalamayi sungani, tengani MRT mpaka Sanam Chai muyende wapansi ku msika wa maluwa ndi ku Tha Tien, kenako siteshoni ziwiri kubwerera ku Wat Mangkon. Amene muli ndi chifuwa cha mphumu ganizirani kawiri, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi pomwe mpweya wa mumzindawu umakhala woipa, tuk-tuk ilibe magalasi. Nyengo ya mvula, cha pakati pa chaka mpaka Okutobala, amatsitsa mapulasitiki m'mbali ndipo simuona kanthu, funsani ngati amalola kusintha tsiku.

Nyamulani ndalama za m'manja zing'onozing'ono, ma 20 ndi ma 100, ogulitsa mumsewu ambiri salandira khadi ndipo 1,000 baht amavutika nayo chenji. Makina a ATM amadula 220 baht kapena kuposerapo nthawi iliyonse mukatapa ndi khadi lakunja, ndiye bola kubwera ndi madola atsopano osang'ambika nkusintha mumzinda, osati pa bwalo la ndege pomwe reti imakhala yotsika. Tipu si yokakamiza koma ife tinasonkha tinamupatsa gaidi, ndi madalaivala pang'ono, anaigwirira ntchito.

Pobwerera ku hotela kuchokera ku Khao San sitima zimakhala zitasiya kuyenda, zimaima cham'ma 12 koloko, ndipo matakisi oima pakamwa pa msewuwo ambiri amakana kuyatsa mita, amangotchula 400 kapena 500 baht. Musalimbane nawo. Yendani pang'ono mpaka pa msewu waukulu wa Ratchadamnoen cha ku Democracy Monument, itanani takisi ya Grab kapena Bolt pa foni mtengo muuone musanakwere, ife anayi tinalipira yosakwana 200 baht mpaka ku Silom. Tengani kakhadi ka hotela kolembedwa adiresi m'zilembo zachi Thai, madalaivala ambiri zilembo zathuzi sawerenga bwino, ndipo onetsetsani kuti pagulu panu pali foni imodzi imene yasungidwa ndi batire.